Khutu la makaniko kunsi kwa Khwekhwerere

Galimoto ija ndinayimva isanaoneke. Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa lili paliwombo, nthawi imene ngakhale mbuzi za pa Golomoti zimaleka kusakasaka makoko pamsika n'kukabisala kunsi kwa malole oima. Phokosolo linkachokera cha kumphambano, kumene msewu wotsika ku Masasa umadzagwera mu M5. Linali lowonda, losalekeza, khwiiii, ngati munthu akunola chikwanje pamwala wouma. Posakhalitsa Probox yoyera inakhotera pansi pa bwemba wanga, itasenza matumba a mpunga wa ku Bwanje mpaka kumbuyo kutatsala pang'ono kugunda pansi. Dalaivala anatsika thukuta lili kamukamu, injini osazimitsa.

"Amakaniko, tadzamvani kuno. Injiniyi ikundithera kodi?"

"Injini ilibe mlandu, achimwene. Tayatsani eyakoni. Eya, zimitsaninso."

Ndinatenga sikuludiraiva yanga yaitali, nsonga ndinayigunditsa pathupi la kompuresa, chogwirira n'kuchitsamiritsa kukhutu. Mkati mwa kompuresa munali bata. Kulirako kunali kutsogolo, pa puli imene lamba amayizunguza, ndipo sikunkaleka kaya eyakoni yayaka kaya yazima, kunkangosintha mawu pang'ono. Bering'i inali itauma. Ndinawauza kuti akamwe kaye madzi pamthunzi, ntchitoyo ndi ya maola awiri, ndipo gasi wawo sitimukhudza n'komwe.

Khutu limeneli sindinabadwe nalo. Ndinachita kulandira kwa atsibweni anga, iwonso analandira kwa bambo awo, agogo anga, amene sanagwirepo chiwongolero moyo wawo wonse. Agogo anali osula. Chipala chawo chinali kuseri kwa khola, m'mudzi wina pakati pa Mua ndi Mtakataka, ndipo ine ndinachipeza chikadali ndi mvukuto wa chikopa cha mbuzi. Ng'anjo zosungunulira miyala ya chitsulo iwo sanazione zikuyaka. Pofika nthawi yawo makasu a m'sitolo ndi zidutswa za zitsulo za azungu zinali zitazizimitsa kale. Chinatsala ndi luso losula ndi luso lomva. Munthu akabwera ndi khasu, agogo ankaligulula pampini, kulilendewetsa pachingwe, n'kuligogoda ndi kachitsulo. Likalira ngweee, mawu n'kumapita patali, ankati lili moyo. Likangoti phwa, ankadziwa kuti muli mng'alu ngakhale maso asakuuona.

Zitsulo zoyenda zinafika kuno pang'onopang'ono. Ansembe a White Fathers atakhazikika pa Mua mu 1902, anabwera ndi sowo, tchizulo ndi chikombole cha njerwa, ndipo anyamata a m'midzi yozungulira anayamba kuphunzira ntchito zamanja zimene makolo awo sankazidziwa. Dzina la mmodzi mwa ansembe akalewo, Bambo Champmartin, limene anthu analipinda kukhala Chamare, lilipobe panyumba yosungiramo za chikhalidwe ku Kungoni. Agogo ankasimba za njinga zakapalasa za aphunzitsi a mishoni, kenako za mthuthuthu wa wansembe, umene ana ankauthamangira mpaka kumtsinje wa Nadzipokwe. Chitsulo cha njinga chikathyoka kunalibe sitolo yogulako china. Chinkapita kuchipala. N'chifukwa chake ine ndimati makaniko woyamba m'chigwa chino anali wosula makasu amene anavomera kulumikiza foloko ya njinga pamoto.

Koma chimene chinatembenuza zonse ndi njanji. Mu 1935 sitima inayamba kudutsa kuno kuchokera ku Blantyre kudzera pa Balaka, n'kumaima pa Golomoti ndi pa Mtakataka isanakafike ku Chipoka ndi ku Salima. Chaka chomwecho mlatho waukulu wa pa Zambezi, wa Dona Ana, unatsegulidwa, motero thonje la m'chigwa chino linkakwera pano n'kukatsikira kudoko la Beira. Ngakhale Ilala imene timanyadira panyanjapa inadutsa pakhomo pathu ili zidutswazidutswa. Inapangidwa ku Scotland, inabwera pasitima yapamtunda mpaka ku Chipoka, n'kukalumikizidwa ku Monkey Bay, ndipo inayamba kuyenda mu 1951. Agogo anagwirako ganyu yolambula m'mbali mwa njanji. Chimene sankatopa kufotokoza ndi bambo wina wa kunjanji amene anamuona pa Chipoka akuyenda m'mbali mwa mabogi sitima itaima, nyundo ya mpini wautali ili m'manja, akugogoda gudumu lililonse n'kutchera khutu. "Ndinangoti uyu ndi mnzanga," ankatero agogo. "Akufunsa chitsulo monga ndimachifunsira ine."

Atsibweni anakulira pakati pa chipala ndi siteshoni. Ntchito yawo yoyamba inali ya pachigayo, kusamala injini ya dizilo ya Lister, ija yolira thu, thu, thu, yokoka lamba wamkulu wafulati. Kenako anakhala sipanaboyi pa malole a Bedford otuta thonje m'misika ya Farmers Marketing Board, imene mu 1971 inasanduka ADMARC. Anakalemba mayeso a trade test, ndipo pepala lake analisunga m'Baibulo mpaka tsiku lomwalira. Masiku amenewo makaniko wolemekezeka anali wa ku PVHO, galaja ya boma, kapena wa kunjanji, kapena wa mabasi a UTM. Atsibweni sanalowe konseko. Anasankha kukhala pansi pa mtengo kunsi kwa phiri la Khwekhwerere, ndipo ankati phirilo ndilo bwana wawo wowalemba ntchito.

Sankanama. Amene sanauone msewu wa Khwekhwerere usanathiridwe phula sangamvetse. Boma la Dedza lili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, pamene nyanja yathu kunsi kuno sifika n'komwe mamita 500, ndipo kusiyana konseko galimoto imakutsika mokhotakhota pamtunda waufupi. Yotsika inkafika mabuleki akununkha, yokwera inkabwerera rediyeta ikuwira ngati mphika wa nyemba. Masipuling'i a Land Rover, kilatchi ya Bedford, ma Peugeot 404 a matola atathyoka msana ndi nsomba za ku Monkey Bay, zonsezo zinkathera pa ife. Ine ndinalowa ntchitoyi mu 1983, nditalekera sukulu pa Sitandade 8. Chaka choyamba atsibweni sanandilole kumasula bawuti ngakhale imodzi. Yanga inali kutsuka zitsulo m'palafini ndi kumvetsera. Galimoto ikamayandikira ankanditseka m'maso ndi dzanja lawo lonunkha girisi.

"Mphwanga, tanena. Chikulira n'chiyani?"

Ndikalakwa sankakalipa, ankangondiimika pomwepo mpaka nditamva. Ankakonda kunena kuti akuluakulu amati chakudza sichiyimba ng'oma, koma cha m'galimoto chokha chimayimba, kungoti eni ake amakweza wailesi.

Zaka zonsezo za eyakoni sitinkazidziwa. Kukatentha munthu ankatsitsa galasi, fumbi n'kulowa, basi. Galimoto zozizira mkati tinkaziona patalipatali, za nduna, za mabungwe akunja, za alendo opita ku Cape Maclear kapena okaona zosemasema ku Kungoni, malo amene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976. Zinkadutsa magalasi ali otseka, ndipo zikawonongeka sizinkaima pa ife. M'mitima mwathu tinaziika m'gulu la zinthu za mabwana, pamodzi ndi firiji ndi tayi. Maganizo amenewo ndiwo anadzandipalamulitsa pambuyo pake.

Dziko litalowa m'ndale za zipani zambiri mu 1994, malamulo a malonda anamasuka. Maminibasi anachuluka, ndipo mabasi aakulu aja, amene anachoka m'manja mwa UTM kupita kwa Stagecoach kenako Shire Bus Lines, anayamba kuchepa mpaka kuzimiririka. Galimoto zakaunjika za ku Japan zinasefukira, zina kudzera ku Durban, zina ku Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe. Kunabwera Hiace, Corolla, Carina, kenako Vitz, Probox ndi Sienta. Pafupifupi iliyonse inkafika ndi eyakoni, pakuti ku Japan ngakhale galimoto yonyamula makatoni imakhala nayo. Ife tinatani? Pa Hiace ya dizilo, imene kompuresa yake ili ndi lamba wakewake, tinkangovula lambayo n'kumupachika pamsomali. Eni maminibasi ankachita kupempha okha, ati eyakoni imamwa mafuta. Makompuresa ena tinawazula n'kuwasandutsa mapampu opopera matayala. Ndinachita zimenezi kambirimbiri, ndipo ndinkaona ngati ndathandiza.

Mwana wa mlongo wanga, amene ndikumuphunzitsa ntchito tsopano, anandiwerengera pafoni kuti kuvula lambako sitinayambe ndife. Kampani ya Packard ya ku America itayamba kuika eyakoni m'galimoto cha mu 1940, kompuresa yake inkazungulira nthawi zonse injini ikalira, ndipo wofuna kuyizimitsa ankayenera kutsegula boneti n'kuchotsa lamba. Kilatchi ya maginito inabwera m'zaka za m'ma 1950 kudzathetsa vuto limenelo. Kapangidwe kake n'kosavuta, ndipo kwa ine n'kokongola. Puli imakhala pa bering'i, pamphuno ya kompuresa, ndipo imazungulira ndi lamba osapuma. Kutsogolo kwake kuli mbale yachitsulo yomangidwa ku shafiti ya kompuresa, yotalikirana ndi puli kampata kochepa ngati kuchindikala kwa chikhadabo. Kuseri kwa puli kunabisala koyilo. Dalaivala akadina batani, magetsi amalowa m'koyilo, koyilo imasanduka maginito, mbale imakokedwa n'kumamatira ku puli, tcha! Pamenepo kompuresa imayamba kupopa gasi. Magetsi akachoka mbale imabwerera pamalo pake, puli n'kumapitiriza yokha.

Zoti puli sipuma ndinaziphunzira mowawa. Chinali chaka cha 2009, nyengo ngati yomweyi. Mphunzitsi wina wa cha ku Mtakataka anaima pano ndi Corolla ya injini ya 1NZ, mayi ake odwala atagona kumpando wakumbuyo, ulendo wa kuchipatala ku Lilongwe. Galimotoyo inkalira chimodzimodzi Probox ija. Ndinamvetsera, ndinazindikira kuti phokoso likuchokera ku kompuresa, ndipo ndinati, "Aphunzitsi, ndi eyakoni chabe iyi. Muyizimitse, muzipita, tidzaona mukabwerako." Anandithokoza, anandipatsa ya sopo. Sanafike ngakhale theka la phiri. Bering'i inagwira, puli inaima, lamba anapsa n'kuduka. Pa injini imeneyo lamba yemweyo ndiye amazunguzanso otaneta ndi pampu ya madzi. Iwo, poganizira odwala, anayiumiriza galimoto kukwera. Injini inawira, hedi inapindika. Mayi aja anakhala padzuwa m'mbali mwa msewu, pafupi ndi anyamata osema tigalimoto tamitengo, mpaka lole ina inawatenga chakumadzulo. Anachira, tithokoze Mulungu. Galimoto tinakayikoka mawa lake. Mphunzitsiyo anatha miyezi akubweza ngongole ya hedi, ndipo atabwera kudzayitenga sanandinyoze. Anangoti, "Amakaniko, paja munati ndi eyakoni chabe." Mawu amenewo ndimawamvabe.

Atsibweni anali atatisiya kale, ndiye ndinalibe wofunsa. Nditakolola mpunga chaka chotsatira ndinatseka galaja n'kupita ku Lilongwe, ku Biwi, kumene magalaja anaunjikana ngati zisa za atchete. Ndinakhala milungu itatu kwa bambo wina wachikulire amene anagwirapo ntchito ya mafiriji ndi maeyakoni ku Joni. Imvi zinali zitayamba kundituluka, koma ndinabwerera kukhala sipanaboyi, ndipo sindinachite nazo manyazi. Iwo ndiwo anandiphunzitsa kusiyanitsa maliridwe. Kulira kosalekeza, eyakoni yoyaka kapena yozima, ndi bering'i ya puli. Kukwecha kwa chitsulo pa chitsulo eyakoni ili yozima, kumene kumatha ikayaka, ndiye kuti mbale yayandikira kwambiri kapena labala wake wadyeka. Kulira kwa tswii pamene kilatchi ikugwira, limodzi ndi fungo lopserera ndi kafumbi kofiirira pambale, n'kutsetsereka. Pamenepo mwina mpata wakula, mwina koyilo yafooka, mwinanso oyilo akudontha pa labala wotseka shafiti n'kunyowetsa mbale. Koma kugunda kwa gudugudu kochokera mkati, koyamba pokhapokha kompuresa ikagwira, kumeneko si kilatchinso. Kompuresa yeniyeniyo ikutha, ndipo kusintha bering'i n'kungodya ndalama za munthu.

Anandionetsanso kanzeru kena kamene ndimakagwiritsa ntchito pafupifupi sabata iliyonse ya chilimwe. Eyakoni ikamagwira m'mawa koma n'kumakana injini ikatentha, umagogoda mbaleyo pang'ono ndi kamtengo kakatali, batani lili loyatsa, manja ndi malaya zili kutali ndi lamba. Ikangoti tcha n'kugwira, ndiye kuti mpata wakula, chifukwa koyilo ikatentha mphamvu yake imachepa n'kulephera kukoka kuchokera patali. Mankhwala ake n'kuchotsa kawashala kamodzi kopyapyala. Anthu ambiri agula kompuresa chifukwa cha kawashala kameneko.

Kuno kwathu zitsulo zimenezi zimatha msanga kuposa kumtunda, ndipo zifukwa zake ndimaziona ndi maso. Kompuresa imakhala mmunsi mwa injini, kumene kumafika fumbi lonse la chilimwe. Dzinja likalowa, Livulezi ndi Namikokwe zikasefukira, galimoto zimawoloka m'madzi amatope bering'i ili yotentha. Madzi amalowa, girisi amatuluka. Kutsogoloko kondensa yoziziritsa gasi imatsekeka ndi matope ndi njere za udzu, fani inafa kalekale mwini wake osadziwa, ndiye padzuwa la kuno gasi amapanikizika kwambiri, kompuresa imalemera, mbale n'kumatsetsereka mpaka kutentha kwake kusungunula girisi wa m'bering'i. Kusintha bering'i osatsuka kondensa, osaona ngati fani ikuzungulira, n'kutungira madzi m'dengu.

Probox ija tinayidikira kuti izizire. Tinachotsa waya wa batire, tinamasula otaneta kuti lamba akhwefuke. Lamba atachoka ndinazunguza puli ndi dzanja. Inkakhwekhwereza ngati muli mchenga, ndipo poyigwedeza inkachita gwedegwede. Ndinazunguzanso mbale, ndipo inkayenda mofewa, ikukaniza pang'ono chabe, kusonyeza kuti mkatimo muli bwino. Tinamasula mabawuti ogwira kompuresa n'kuyipendeketsa, mapaipi ake ali chilumikizire. Bawuti yapakati, ya soketi ya 10, inatuluka, mbale inatuluka. Apa ndi pamene ndimayala nsanza yoyera pansi, chifukwa kuseri kwa mbale kumakhala tiwashala tiwiri kapena titatu, ndipo kamodzi kakagwera mumchenga wa pa Golomoti simungadzakaonenso. Kenako circlip, kamphete kogwira puli, kenako puliyo, yotulutsidwa mofatsa ndi chokokera cha zala zitatu, osati kumenyedwa ndi nyundo monga ndimaonera ena. Koyilo tinayiyeza, inasonyeza ma ohm pafupifupi 4, sinapse.

Mabering'i a nambala zofala ndimasunga angapo m'kabokosi, ndimagula ku Malangalanga ndikapita ku Lilongwe. Yakale tinayikankha pa vayisi, yatsopano tinayilowetsa ndi soketi yaikulu yogunda mkombero wakunja wokha, pakuti ukakankha wamkati wayipha isanayambe n'komwe ntchito. Tinatsina m'mphepete ndi panchi kuti isatuluke. Nkhope ya puli ndi ya mbale tinazipukuta mpaka zitauma gwa, popanda kadontho ka girisi. Pomaliza timapeni toyezera mpata, timene ife timati filageji, malo atatu kuzungulira. Mpata umayenera kukhala cha pa theka la milimita. Unali utakula pang'ono. Ndinachotsa kawashala kamodzi, ndinayezanso, ndipo unakhala.

Nthawi yonseyi dalaivala ankangoyang'ana mapaipi aja. "Nanga gasi simutulutsa? Kwina anandiuza kuti mpaka atulutse, asinthe kompuresa yonse."

Ichi chimandiwawa. Kilatchi ili kunja, gasi ali mkati, ndipo pa galimoto zambiri ziwirizi sizikhudzana. Komanso gasi si mphepo wamba yoti munthu azingotayira m'mwamba. Zina mwa galimoto zoyamba za ku Japan zinkabwera ndi R-12, amene anapezeka kuti amawononga chophimba cha ozoni chimene chimatitchinga ku ukali wa dzuwa. Mayiko anapangana ku Montreal mu 1987 kuti amusiye, dziko lathu nalonso linalowa m'panganolo, ndipo pofika 2010 mayiko ngati lathu anayenera kukhala atalekeratu kumuitanitsa. M'malo mwake munalowa R-134a, amene ali m'galimoto zambiri zoyenda pa M5 lero. Ameneyu nayenso amatenthetsa dziko, n'chifukwa chake ku Kigali mu 2016 anapangana zomuchepetsa. Ife a m'chigwa, amene mvula ikatinyanyala mpunga umapserera m'munda tikuona, sitiyenera kuchita kuuzidwa kawiri. Ndaonanso anthu akuthira m'galimoto gasi wa mafiriji a m'nyumba, wina woyaka moto, kapena kusakaniza oyilo wa gasi wakale ndi wa gasi watsopano. Kompuresa yotere sikhalitsa.

Kusintha kompuresa yonse n'komveka kumayiko kumene zitsulo n'zotchipa koma manja a makaniko ndi odula. Kuno n'zosiyana. Kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ngakhale kompuresa yakaunjika inafika poti munthu wa Probox agulitse kaye mpunga wa m'nyumba, pamene bering'i ndi kachigawo kakang'ono chabe ka mtengo umenewo. Makaniko wolamula kompuresa ina asanavule n'komwe lamba kuti azunguze puli ndi dzanja, ndi waulesi, apo ayi ali ndi mnzake wogulitsa. Ndipo ine ndinaleka kunena kuti eyakoni ndi ya mabwana. Ndaona mayi wapakati akuthamangitsiridwa kuchipatala cha Mua masana a Novembala. Ndaona khanda likulira m'galimoto yodzaza anthu pa lodibuloko, mphepo itaima njii. Ndaona madalaivala akusinza ndi kutentha pamsewu wowongoka wa ku Monkey Bay. Nthawi ya mvula, eyakoni yomweyo ndiyo imachotsa nthunzi pagalasi lakutsogolo munthu akamatsika Khwekhwerere m'nkhungu, pamene kulakwitsa khona limodzi n'kutha kwa onse.

Titabwezera zonse, mphwanga uja analiza injini. Khwii uja anali atapita. Ndinati adine batani. Tcha. Dalaivala anaika chikhatho pa kabowo kotulukira mphepo, anadikira, kenako anatseka maso.

"Ngati pa Dedza boma," anatero.

Anyamata ambiri tsopano amathamangira kukonza njinga zamoto za kabaza, kumene ndalama imabwera tsiku lomwelo, ndipo sindiwaimba mlandu. Ena amapita ku makoleji a ntchito zamanja a pansi pa TEVETA, ku Salima kapena ku Lilongwe, n'kubwera ndi kamakina kolumikiza kunsi kwa chiwongolero kamene kamawerenga matenda a galimoto. Kamakinako n'kabwino, nanenso ndikusunga ndalama zoti ndigule, koma bering'i youma sikayimva. Pa Golomoti pomwe pano, pamene agogo ankaonera utsi wa sitima, pali munda wa magalasi a dzuwa umene kuyambira 2022 ukutulutsa magetsi okwana mamegawati 20. Ndipo sabata yomweyo Probox itachoka, pansi pa bwemba panaima Toyota Aqua, mwini wake akudandaula kuti mphepo sikuzizira. Mnyamata wanga anatsegula boneti, anasuzumira uku ndi uku, anagwada, anadzuka.

"Atsibweni, lamba ali kuti? Kilatchi sindikuyiona."

Mulibe. Injini ya Aqua ilibe lamba ndi mmodzi yemwe. Kompuresa yake ndi yamagetsi, imadya kuchokera ku batire lalikulu kudzera m'nthambo zokutidwa ndi pulasitiki wa olenji, zimene munthu wosadziwa akazigwira akhoza kufa pomwepo. Oyilo wakenso ndi wina, wosalola magetsi kudutsa. Ndinamugwira mkono n'kumukokera m'mbuyo. Mwini galimoto ndinamuuza zoona, kuti zamtundu umenewu apite nazo ku Lilongwe kwa amene anaziphunzira. Koma asanachoke ndinamupempha kuti atiyatsire kaye eyakoni. Kompuresa inayamba kulira chapansipansi, mawu owonda okwera pang'onopang'ono, amene sindinawamvepo pa chitsulo china chilichonse. Ndinatenga chidutswa cha paipi ya labala, mbali ina ndinalozetsa ku kompuresa, inayo ndinapatsa mnyamatayo.

"Tseka maso, mphwanga. Iyi ndi yamoyo, mwina gasi ndiye wachepa. Sunga maliridwe akewa."

Tinaima choncho awiriwiri, tikulandizana paipi, mpaka mwini galimoto anayamba kuyang'ana wotchi.